Mabotolo a makungwa ku Mchinji: tisaiwale Mchape

Malonda a makungwa a mitengo ndi mafuta onunkhira afika pena ku Mchinji. Pa Boma, pa Kamwendo mpaka pa chipata cha Mwami, mupeza timabotolo ta madzi ofiira, ufa wa muwawani, nimu ndi mafuta a bulugamu. Tina tachokera ku Chipata, tina ku Lilongwe, tina tathiridwa kuseri kwa nyumba. Koma mawu otsatsira ndi amodzi: "Izi zimalimbitsa chitetezo cha m'thupi."

Mawuwa ndi okoma kwa wogulitsa chifukwa wogula sangawatsutse. Ukachira, akuti ndi botolo lija. Ukapitirira kudwala, akuti udachedwa kuyamba, gula lina.

Ife sitikunyoza mitengo ayi. Kwinini amene adapulumutsa anthu ambirimbiri ku malungo adachokera m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndiwo adamupatula m'khungwamo mu 1820. LA amene timalandira kuchipatala gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou adalandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Choncho wonena kuti m'tchire muli mankhwala sakunama.

Koma kodi khungwa lidasanduka bwanji mankhwala a kuchipatala? Anthu adafufuza chimene chikuchiza m'katimo, nayesa pa odwala ambiri, napeza muyeso wa mwana ndi wa wamkulu, nadziwanso muyeso umene ungaphe. Botolo la pamsika silidadutse m'njira imeneyi. Lero ndi lowawa kwambiri, mawa ndi madzi okhaokha, ndipo wogulitsayo naye sadziwa mphamvu ya zimene wathiramo.

A Malawi nkhaniyi tidaiona kale. Mu 1995, anthu mazanamazana adakhamukira kufupi ndi Liwonde, m'boma la Machinga, kwa bambo Billy Goodson Chisupe, amene adati adalota mtengo wochiza Edzi. Mabasi ndi malole ankadzaza, anthu ankagona pamzere kudikira kapu ya madzi a khungwa amene adatchuka ndi dzina loti Mchape. Sitingawaseke anthu amenewo, pakuti nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe chowapatsa. Koma Edzi siidathe. Maliro adapitirira mpaka pamene ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Apo m'pamene tidaona anthu amene tidawataya kale mtima akudzuka n'kubwerera kumunda ndi kumsika.

Mantha athu ali pamenepa. Munthu amene ali pa ma ARV akamva kuti botolo likweza chitetezo, amayamba kudumphitsa mapiritsi. Kachilombo kamachulukanso, ndipo kakhoza kufika poti mankhwala aja sakugwiranso. Mayi amene mwana wake watentha thupi akataya masiku awiri akumumwetsa muwawani osakamuyezetsa magazi, malungo sadikira. Ngakhale womwa zonse ziwiri pamodzi ali pa chiopsezo, chifukwa zitsamba zina zimachepetsa mphamvu ya mankhwala a kuchipatala, zina zimalemetsa chiwindi ndi impso.

Nanga mafuta onunkhira? Nthawi ya Covid-19, mu 2020 ndi 2021, ambiri tidafunda bulangete pa ndowa ya masamba a bulugamu. Nthunzi imatsegula mphuno, eetu, koma kachilombo kamene kali kale m'thupi sikafa ndi fungo. Ndipo mafuta a bulugamu a m'botolo si akumwa. Kasipuni kamodzi kakang'ono kakhoza kukomola mwana.

Chitetezo cha m'thupi chili ndi njira zake zodziwika: katemera, kudya kosinthasintha, kugona m'masikito, madzi aukhondo, ndi kumwa mankhwala mwandondomeko. Malawi ndiye lidali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu April 2019, ndipo Mchinji idali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Mtedza ndi soya zimene boma lino limalima n'kutumiza kutali zimamanga thupi kuposa botolo lililonse, koma timagulitsa zonse kwa mavenda n'kukagula madzi ofiira.

Kwa inu a malonda, geni ndi geni, tikudziwa kuti pakhomo pafunika ndiwo. Koma musamuuze munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala, ndipo musalonjeze machiritso amene simungawaikire umboni. Kasitomala wakufa sabweranso. Kumbukiraninso kuti mtengo ukausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse umauma, chifukwa chakudya chochokera kumasamba chimadzera m'khungwamo popita kumizu. Nkhalango ya Mchinji yavutika kale ndi makala, isatherenso m'mabotolo.

Kwa inu ophunzira, safunsa adadya phula. Funsani: muli chiyani m'botolomu? Adayesa ndani? Muyeso wake ndi wotani? Ndipo amene mukuphunzira za sayansi, mitengoyi ikudikira inu. Ngati muwawani uli ndi mphamvu, aipeze ndi mwana wa kuno, mogwirizana ndi asing'anga oona mtima amene amadziwa malire a nzeru zawo.

Pomaliza, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo la 2019 lidalipatsa udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, lisamangoyendera mafamase a m'tauni. Lifike m'misika ya m'malire, ligwirane manja ndi a zaumoyo a ku Chipata, litenge mabotolowa likawayeze, kenaka liuze anthu poyera, m'Chichewa, zimene lapezamo. Zabwino zilembetsedwe, zoipa zichotsedwe pamsika anthu asanayambenso kugona pamzere ngati mu 1995.