Golide Sabereka

Ndalama ikangoyamba kuchepa mphamvu, alaliki a golide amatulukira. Muwapeza pa WhatsApp, pa YouTube, ngakhale pasiwa. Uthenga wawo ndi umodzi: katundu wadula, ntchito kulibe, ndalama yapepala yatha, thawirani ku golide. Ine ndikutsutsa, chifukwa amene akuuza mphunzitsi ndi namwino kuti chipulumutso chawo chili mu golide amawafotokozera theka la nkhani.

Theka limene amalikonda ndi la zaka za m'ma 1970. Mu Ogasiti 1971, Richard Nixon analetsa kusintha dola ya America ndi golide pa mtengo wakale wa madola 35 pa aunsi imodzi. Kenako mafuta anakwera, katundu anadula, pamene chuma chinaima ndipo anthu ankachotsedwa ntchito. Vuto lapawiri limeneli ndi lomwe akatswiri amalitcha stagflation. Pofika Januwale 1980, aunsi inali pa madola 850. Mlaliki akafika apa amatseka buku.

Ife tiwerengebe. Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu ya America, anakweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 peresenti. Dola inalimba, golide anagwa, moti mu 1999 anali pansi pa madola 300. Amene anagula mtengo uli pachimake anadikira mpaka 2008 kuti aonenso madola 850 aja. Zaka 28 zathunthu, komanso madolawo anali atasiya kale kugula zimene ankagula mu 1980.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mbuzi imaswa, nyumba imabweretsa lendi, ndalama yokongoza boma imabwera ndi chiwongoladzanja, koma golide sabereka. Phindu lake lonse lagona pa munthu wina amene adzamugule modula mawa. Chiwongoladzanja chikakwera ndipo dola ikalimba, eni chuma amasiya golide n'kuthamangira kumene ndalama ikuswana. Zinachitikanso mu 2022: kukwera mitengo ku America kunafika pa 9.1 peresenti mu Juni, koma golide, amene anadutsa madola 2,000 mu Malichi, anali pansi pa 1,700 pofika Okutobala.

Wina ati, "Kwacha si dola." Zoona, ndipo mfundo imeneyi sindikuipeputsa. Kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi golide anagona tulo. Funso langa n'lakuti anali ndani. Zimbabwe inatiyankha kale. Mu Julaye 2022, banki yaikulu ya dzikolo inatulutsa makobidi a golide otchedwa Mosi-oa-Tunya kuti anthu asungiremo chuma. Khobidi limodzi linkagulidwa pa mtengo woposa madola 1,800 a ku America. Mayi wogulitsa tomato ku Mbare sakanatha kuima pamzere umenewo. Chitetezo chinapita kwa amene anali otetezeka kale.

Mu Epulo 2024, dziko lomweli linabweretsa ndalama ya ZiG, n'kunena kuti kumbuyo kwake kuli golide. Chaka chisanathe, mu Seputembala, inagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40. Golide wosungidwa kubanki sachiritsa ndalama ngati anthu asiya kukhulupirira amene akuisindikiza.

Tsono taganizani za munthu wa malipiro a pamwezi. Agula kachidutswa kwa munthu wa pa foni, alibe chida choyesera ngati ndi golide weniweni kapena mkuwa wopaka. Akasungira pansi pa matiresi, n'kumadzidzimuka galu akauwa usiku. Mwana akadwala, agulitsa mwachangu pa mtengo umene wogula wafuna.

Ngati muli ndi ndalama yotsala imene mungaiwale kwa zaka khumi, kuika kagawo kochepa mu golide, kudzera kwa ogulitsa ovomerezeka, si kupusa. Koma ngati muli ndi ngongole ya katapila, yambani mwabweza imeneyo, pakuti palibe golide amene angathamange kuposa chiwongoladzanja chake. Mkwiyo wanu upite kwa amene akufooketsa ndalama pobwereka ndi kusindikiza mopanda malire.

Mlaliki uja akadzabweranso, mudzamufunse chifukwa chimene akulolera kukupatsani golide wake, iye n'kutenga mapepala omwe akuti ndi achabe.