Mlendo Ayende Pansi M'mbali mwa Lingadzi

Alendo ambiri akafika mu mzinda wa Lilongwe amathamangira kukaona nyumba zosanja, Nyumba ya Malamulo ndi misika. Amakwera minibasi ku Old Town, nakatsikira ku City Centre, ndipo akabwerera kwawo amanena kuti auona mzinda wonse. Koma pakati pa malo aŵiriŵa pali nkhalango imene iwo amangoidutsa ali m'galimoto. Mlendo wotere wataya mwayi, pakuti chokoma cha Lilongwe chili m'nkhalango imeneyo, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi.

Lilongwe inakhala likulu la dziko la Malaŵi m'chaka cha 1975, m'malo mwa Zomba. Omanga mzindawo anasiya nkhalangoyi osaigwetsa. Ena anganene kuti kumeneko kunali kuseŵeretsa malo, popeza pakadamangidwa masitolo ndi maofesi ambiri. Koma masitolo angathe kumangidwa pena paliponse m'chaka chimodzi, pamene mtengo waukulu umatenga zaka zochuluka kuti ukule. Lero m'nkhalangomo muli Lilongwe Wildlife Centre, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2007. Kumeneko amasamalira nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye, ndipo kuli tinjira tolambulidwa bwino totsata mtsinje.

Munthu akaloŵa m'tinjirato m'maŵa, phokoso la magalimoto limazilala pang'onopang'ono. M'malo mwake amamva kulira kwa mbalame ndi kuyenda kwa madzi. Apusi amalumphalumpha m'nthambi za mitengo, ana awo atakangamira kumimba. Woyenda mwakachetechete angathe kuona gwape kapena mbaŵala ili njo, kumuyang'ana. Woyenda akusokosera saona kanthu, chifukwa nyamazo zimamumva akadali patali, nkuthaŵa.

Komatu Lingadzi si mtsinje woseŵera nawo. Muli ng'ona. Nchifukwa chake mlendo sayenera kusiya njira ndi kutsikira kumadzi, ngakhale dzuŵa litaswa mtengo. Sayeneranso kuponyera apusi chakudya, pakuti akazoloŵera amayamba kulanda anthu zinthu m'manja.

Ulendowu ulinso ndi phunziro limene sangalipeze munthu wokhala m'galimoto. M'nkhalangomo magombe a mtsinje ndi olimba, chifukwa mizu ya mitengo ndi udzu imagwira nthaka. Koma m'madera ena a mzindawo anthu adadula mitengo, nalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Ena amakumba mchenga womangira nyumba. Kumeneko magombe amagumuka, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi amasoŵa chowaletsa. M'chaka cha 2017 Lingadzi anasefukira, nagwetsa nyumba za anthu ku Mtandire. Amene wayenda pansi naona magombe a mitundu iŵiriyi, safunanso wina womuuza ntchito ya mitengo.

Tinjira totere tiyenera kuchuluka. Akuluakulu a mzinda akadachita bwino kulambula tina m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, nabzalamo mitengo, kuti ana a sukulu ndi alendo aziyendamo mosaopa magalimoto. Naye mlendo anyamule zinyalala zake pobwerera. Madzi a Lingadzi amathira mu Lilongwe, a Lilongwe mu Linthipe, ndipo a Linthipe amakaloŵa m'nyanja ya Malaŵi ku Salima. Botolo lapulasitiki lotayidwa pa Lingadzi lingathe kukakodwa mu ukonde wa msodzi kunyanjako.