Kalulu sandiopsa ine

Abale ndi alongo a kuno ku Kafue, mazira a chokoleti ndi akalulu afika kale m'mashopu, ndipo ena akuti Isitala ndi yachikunja. Zoona, mu 725 mmonke Bede analemba kuti dzina loti Easter linachokera kwa Eostre, mulungu wamkazi wa Angelezi akale. Koma ife timati Pasaka, mawu ochokera ku Chiheberi, okumbutsa mwanawankhosa wa ku Igupto.

Kalulu sandiopsa ine. Chondiopsa n'chakuti Sabata Loyera likafika, nsomba zimakwera mtengo, meda ya kapenta n'kuchepa. Inu amalonda, Yudasi anagulitsa Ambuye ndi ndalama 30 zasiliva. Musadyere masuku pamutu mayi wamasiye amene wasala nyama Lachisanu Loyera. Pimani modzaza, kenako bwerani tidzaimbe Aleluya. Amen.