Ntchito n'kudziwana, koma akudziwani ndi chiyani?

Mu June 2020 Unduna wa Zaumoyo utalengeza kuti ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo angofika okha kudzayesedwa, achinyamata zikwizikwi anakhamukira kumalo oyeserako. Pasukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu anthu anapondana mpaka ena kuthamangira nawo kuchipatala. Sizinali zodabwitsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwo anali osakwana zaka 18. Ambiri mwa ana aja lero akula, atenga MSCE, ena madigiri a ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni ndi kwina, ndipo onse akuyenda ndi envulopu ya khaki m'khwapa.

Ukawafunsa mmene zikuyendera, yankho ndi limodzi: “Masiku ano ntchito n'kudziwana.” Sindiwatsutsa. Kukondera kulipo, ndipo ilipo mipando imene imalengezedwa m'nyuzipepala mwini wake atapezeka kale. Koma mawu amenewa akusokoneza ana athu, chifukwa akuphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pali bwana wolemba ntchito mwana wa mlongo wake wosadziwa kanthu: amenewo ndi katangale. Palinso bwana amene akufuna wosunga ndalama, ndipo pa makalata mazana amene ali patebulo pake akusankha kalata ya mtsikana amene wina wodalirika wamuchitira umboni kuti anasunga thumba la kwaya zaka zitatu osasowa tambala. Bwana wachiwiriyu sanalakwe. Iye akuopa kuberedwa, ndipo satifiketi sinena ngati munthu ali ndi dzanja lalitali.

Choncho funso langa kwa wofuna ntchito ndi ili: amene akukudziwani, akukudziwani ndi chiyani? Kuno kwathu sitisowa malo odziwanirana. Kutchalitchi, kumzikiti, kubanki m'khonde, mukomiti ya ukwati, ngakhale pamaliro, pamakhala akuluakulu a m'maofesi, ndipo maso awo amaona. Mnyamata amene walemba bwino ndalama za chipepeso n'kuzipereka zonse zitakwanira wadzigulitsa kuposa amene watumiza CV pa WhatsApp kwa anthu makumi asanu ndi mawu akuti “mundiganizireko.” Chimodzimodzi amene ali pa pulogalamu ya boma yophunzitsa ntchito omaliza maphunziro a kukoleji, yomwe inayamba mu 2018, kapena ophunzira za luso kudzera ku TEVETA amene atumizidwa kugalaja: kandalama kake n'kochepa, inde, koma miyezi imeneyo ndiyo intaviyu yaitali kuposa ina iliyonse. Wofika mochedwa tsiku ndi tsiku poti “ndi za intenishipu chabe” akudzilembera yekha umboni woipa.

Mukapita kwa munthu wamkulu, musayambe n'kupempha ntchito, chifukwa kawirikawiri alibe, ndipo akakuonani ulendo wina adzakuzembani. Mufunseni zimene angathe kuyankha: kuofesi kwanu mumafuna anthu odziwa chiyani, CV yangayi yaperewera pati? Safunsa anadya phula. Ndipo amene mwawalemba kuti ndi okuchitirani umboni, auzeni. Zimachitika kuti foni ikalira, aphunzitsi anu akale amayankha kuti, “Ndani ameneyo?” Mwayi wathera pomwepo. Nambala yanu nayo izipezeka. Olemba ntchito saimba kachitatu, ndipo kuthima kwa magetsi sakuwerengera.

Tsopano za m'chipinda cha intaviyu. Apa ndi pamene ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti poyankhula ndi akulu uziyang'ana pansi, uzitsitsa mawu, usamadzitame. Kumudzi ndi khalidwe labwino ndithu. Koma anthu anayi amene akhala kuseri kwa tebulo ali ndi mapepala opatsira malikisi, ndipo sangapereke malikisi pa zimene sanamve. Ayang'aneni, kwezani mawu, nenani zimene munachita. Kunena kuti “ndinkasunga mabuku a sitolo ya amalume, ndipo ndinapeza kuti tinkaluza pa shuga chifukwa cha ngongole zosalembedwa” si matama, ndi umboni. Mawu akuti “ndine wolimbikira ntchito komanso woopa Mulungu” awamva kale kwa onse amene alowa inu musanalowe.

Akati mudzifotokoze, sakufuna mudzi wanu, mfumu yaikulu ndi kuti ndinu wachingati kubadwa. Akufuna kumva, m'mphindi ziwiri, chimene munaphunzira, chimene mwagwirapo, ndi chifukwa chake mwabwera kwa iwo. Popeza maintaviyu ambiri a m'maofesi amachitika m'Chingerezi, yeserani mokweza kunyumba, mnzanu azikufunsani. Chingerezi cha m'mutu chimayenda bwino. Chikafika pakamwa pamaso pa anthu chimathawa. Koma musaloweze ngati ndakatulo ya kusukulu, chifukwa akangokudulani ndi funso lina mudzasowa poyambira. Funso limene simunalimve, pemphani alibwereze. Chimene simuchidziwa, vomerani, kenako nenani mmene mungachiphunzirire. Za zovala sinditaya nthawi: zakaunjika zochapa ndi kusita bwino n'zokwanira.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi yankho la pa malipiro: “Chilichonse, bwana.” Munthu wosadziwa mtengo wake amalandiradi chilichonse. Fufuzani kwa amene akugwira ntchito yonga imeneyo, werengerani lendi ndi minibasi, ndipo akatchula ndalama funsani ngati msonkho wa PAYE wachotsedwa kale. Dziwaninso kuti pa penshoni lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5. Lamulo la za ntchito la 2000 limati nthawi yoyesedwa pantchito isapitirire miyezi 12, ndiponso kuti wolemba ntchito akupatseni mfundo za ntchito yanu zolembedwa papepala. Kufunsa zimenezi mwaulemu si mwano.

Pali khomo lina limene ndikukupemphani kuti musalowepo. Uthenga ukabwera woti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba. Ntchito yeniyeni sigulidwa, ndipo ngati wopempha ndalamayo alidi wa m'boma, nkhani yake ndi ya bungwe lolimbana ndi katangale la ACB. Atsikana, bambo amene akuti intaviyu ikachitikire kumalo ogona alendo madzulo sakufuna CV yanu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati khalidwe lotere ndi mlandu. Sungani mauthenga akewo, ndi umboni.

Nanu olemba ntchito muli ndi mbali yanu. Mwana wabwereka ndalama ya basi kuchokera ku Nsanje kapena ku Chitipa, wagona pamkeka kwa achibale ku Area 25, wadikira pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndiye inu mungoti zii miyezi isanu? Ngati simunamutenge, mutumizireni uthenga wa pafoni kuti asiye kudikira. Ndipo ngati mpando uli kale ndi mwini wake, musaitane ana a anthu.