Giyabokosi ikatentha pa Mpamba, kalata ya ku Japan imakhala ili kuti?

Loweruka lapitali tinanyamuka pa Kande m'mamawa kuperekeza azakhali ku chipatala ku Mzuzu. Galimoto ndi ya msuweni wanga, kaja kakang'ono ka ku Japan komwe anaitanitsa chaka chatha kudzera ku Dar es Salaam. Mtundu wake sinditchula, mungayambe kundiimbira foni. Pa Chintheche tinadutsa bwinobwino, m'minda ya mphira ya Vizara chimodzimodzi. Koma titangopitirira pa Mpamba n'kuyamba kukwera, tili kumbuyo kwa thiraki yomwe inkayenda ngati bilimankhwe, padashibodi panayaka kanyali ndi mawu a Chijapani. Mfana kuponda mafuta, injini ikungolira, liwiro kulibe. Tinaima pambali pa msewu pafupifupi theka la ola kudikira kuti izizire.

Azakhali anangofunsa funso limodzi: "Iwe, si yomweyi unkati yakonzedwa?"

Inakonzedwadi, katatu konse. Makaniko woyamba anasintha oyilo wa giyabokosi. Wachiwiri analumikiza kakompyuta kake, n'kufufuta chenjezo lija, n'kunena kuti "basi bwana, yatheka." Wachitatu anangoti tigule giyabokosi ina yakale, pamtengo woti munthu ukhoza kugula njinga yamoto n'kuyamba kabaza. Pa atatu onsewa palibe yemwe anafunsa ngati kampani yomwe inapanga galimotoyi inavomerezapo kale kuti ili ndi vuto. Ifenso funso limeneli silinatibwerere m'mutu.

Kunja kuli chinthu chomwe amachitcha recall. Kampani ikazindikira kuti galimoto zomwe inagulitsa zili ndi cholakwika cha kufakitale chomwe chingavulaze anthu, imadziwitsa boma, n'kulembera eni ake makalata kuti abwere nazo adzakonzeredwe ulere. Si chifundo ayi, ndi lamulo. Ku Japan zimadutsa ku unduna woona za mtengatenga, ku America kuli bungwe la NHTSA.

Chitsanzo chomwe chimatikhudza ife ndi Honda Fit Hybrid, galimoto yomwe achinyamata ambiri akuikhumbira chifukwa simwa mafuta ambiri. Mtundu womwe unatuluka ku Japan mu Seputembala 2013 unaitanidwa kasanu pofika Okutobala 2014, ndipo maulendo atatu oyambirira nkhani inali giyabokosi. Giya inkakana kulowa, galimoto osanyamuka. Zinafika poti mkulu wa Honda panthawiyo, a Takanobu Ito, anadzidula malipiro ndi 20 peresenti kwa miyezi itatu. Kukonza kwake kwakukulu kunali kusintha pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa giyabokosiyo.

Koma pulogalamu sisintha mmene chitsulo chinapangidwira. Giyabokosi ya mtundu umenewu ili ndi makilatchi awiri ouma, osamira mu oyilo. Mukamakwera chitunda pang'onopang'ono, imani nyamukani kumbuyo kwa thiraki, kilatchi imakhala ikukhuzana osagwira kwathunthu, ndiye imatentha. Kompyuta ikaona choncho imakuchenjezani kuti muime. Eni galimoto ambiri ndi pamene amakwiyira: akuti yakonzedwa, koma pachitunda ikukuimitsabe.

Galimoto zina zing'onozing'ono zomwe zadzadza m'misewu yathu zili ndi giyabokosi ya CVT. Imeneyi ilibe magiya a mano monga tinazolowera, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo moyo wake wonse uli mu oyilo. Oyiloyo akatentha kwambiri, kompyuta imachepetsa mphamvu dala kuti lamba asawonongeke. Ku America madandaulo a CVT atachuluka, mu 2009 Nissan inawonjezera chitsimikizo cha giyabokosi pa galimoto za 2003 mpaka 2010 kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000. Imeneyi sinali recall, kunali kutonthoza makasitomala, koma munthu giyabokosi ikafa ankakonzeredwa osalipira. Ku Australia, mu 2018, khoti linalipitsa Ford madola a kumeneko 10 miliyoni chifukwa cha mmene inkayankhira anthu odandaula za giyabokosi ya PowerShift mu Fiesta, Focus ndi EcoSport. Ena ankauzidwa kuti vuto ndi kayendetsedwe kawo. Mawu amenewa ndikuganiza kuti aliyense wa ife anawamvapo pagalaja.

Tsono onani kusiyana kwake. Wa ku Osaka amalandira kalata. Wa ku Melbourne ali ndi khoti lomuimirira. Wa pa Chintheche ali ndi WhatsApp ya ejenti yemwe anasiya kuyankha tsiku lomwe galimoto inawoloka pa Songwe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kalata ya recall imatsatira dzina ndi adiresi ya yemwe analembetsa galimotoyo ku Japan. Ikagulitsidwa pa okushoni, n'kufufutidwa m'kaundula wa kumeneko, n'kukwera sitima, kampani sidziwanso kuti ili kuti. Ngati mwini wake woyamba anali waulesi osapita nayo kugalaja, kapena ngati vutolo linadziwika galimoto itachoka kale, cholakwikacho chimabwera nayo mpaka kuno. Galimoto imawoloka nyanja, kalata imatsala padoko.

Ndipo ikafika kuno imakumana ndi moyo womwe sinaupangidwire. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200. Kusiyana konseko galimoto imakukwera pa makilomita osafika 50 kuchokera pa boma. Onjezani dzuwa la Okutobala. Za msewu wa ku Usisya ndiye tisanene, omwe anatsikako ndi kukwerako akudziwa kuti si malo a galimoto yopangidwira kukagula ndiwo mumzinda wa Nagoya.

Pano ndinene chilungamo, ngakhale anzanga a pa siteji andida. Si kutentha kulikonse komwe kuli mlandu wa fakitale. Sienta inapangidwa kuti inyamule anthu 7. Ife timaikamo anthu oposa pamenepo, kuphatikiza matumba a kondowole ndi mabeseni a usipa kumbuyo, kenako n'kumadabwa kuti yafooka pachitunda. Nkhani ya oyilo ndi ina. CVT iliyonse ili ndi oyilo wakewake, ya Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi mtundu, ya Toyota ili ndi wake, ya Honda ilinso ndi wake. Koma pashopu munthu amangokupatsa ATF wamba, wofiira uja, n'kunena kuti "ndi chimodzimodzi, achimwene." Si chimodzimodzi. Lamba uja amayamba kuterereka, ndipo pakapita miyezi mumakhala mukufunsa mtengo wa giyabokosi ina. Amakaniko athu sindikuwanyoza, ambiri anaphunzira pa Hilux ndi minibasi za giya yamanja ndipo kumeneko ndi akatswiri. Koma kufufuta chenjezo padashibodi kuli ngati kuthyola thermometer kuti malungo athe.

Vuto n'loti, pakati pa zifukwa zonsezi, mwini galimoto alibe njira yodziwira kuti chake n'chiti. Kodi ndi katundu? Ndi oyilo? Kapena ndi cholakwika chomwe kampani inavomereza zaka khumi zapitazo, chomwe anzathu anakonzeredwa ulere? Ndiye timangolipira mongoyesa, ndi kwacha yomwe inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe sipeya aliyense amagulidwa ndi ndalama zakunja.

Komabe giyabokosi ili ndi ulemu, imakuchenjeza. Chomwe chinandisowetsa tulo nditayamba kuwerenga za ma recall ndi airbag, kathumba kaja komwe kamafufuma pangozi kuti musamenyetse mutu pachiwongolero. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takata inapanga ma airbag omwe amafufumitsidwa ndi ammonium nitrate, mankhwala omwe amapezekanso mu feteleza wa CAN. Mankhwalawa akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi a chinyezi amasintha, ndipo tsiku la ngozi amaphulika mopyola muyezo n'kuswa kachitini kake. Zidutswa zachitsulo zimathamangira kumaso ndi pakhosi pa dalaivala kapena wokhala kutsogolo. Anthu oposa 30 afa nazo padziko lonse, angapo mwa iwo ku Malaysia, dziko lotentha ndi lachinyezi. Ma airbag pafupifupi 100 miliyoni anaitanidwa, recall yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya galimoto, ndipo Takata inagwa mu Juni 2017. Anaikidwa m'galimoto za makampani ambiri, kuphatikizapo Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi Subaru, ndipo mitundu ina ya Fit, Vitz ndi Corolla ya zaka za m'ma 2000 inali pamndandanda.

A ku America pokonza anayambira madera otentha ndi achinyezi monga Florida, chifukwa kumeneko ndi komwe chiopsezo chinali chachikulu. Tsopano taganizirani galimoto ya zaka 18 yomwe imakhala padzuwa pa Kande tsiku lonse, mawindo otseka, m'boma lomwe limalandira mvula yambiri chonchi. Ilibe kanyali koyaka. Ilibe phokoso. Imangodikira tsiku lomwe mudzagunde mbuzi kapena kugwera m'ngalande.

Japan inaona kuti makalata okha sakukwanira. Kuyambira Meyi 2018, galimoto zomwe zili ndi ma airbag oopsa kwambiri a Takata osasinthidwa zinayamba kukanizidwa chiphaso choyendera pamsewu. Apa ndi pomwe ine ndikuona kuti tikugona. Galimoto iliyonse yolowa m'dziko muno imadutsa m'manja mwa MRA, ndipo nambala ya chasisi imalembedwa. Ikamalembetsedwa ku Road Traffic nambala yomweyo imalembedwanso. Popita kukatenga COF amaona matayala, mabuleki, magetsi. Nambala ili pomwepo pa pepala. N'chiyani chingalepheretse kuti pa malo amodzi mwa atatuwa munthu aziuzidwa kuti galimoto yake ili ndi recall yosakonzedwa? Sindikunena kuti azilanda galimoto, anthu angafe ndi njala. Kungomuuza basi, ndi kumulozera koyenera kupita.

Mu 2024 bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula linachenjeza anthu a m'maiko ake za ma airbag a Takata. Likulu la bungweli lili ku Lilongwe konkuno. Ndafunsa madalaivala angapo pa siteji ya Chintheche ngati anamvapo, onse anangondiyang'ana. Chenjezo la Chingerezi loikidwa pa intaneti silifika kwa munthu yemwe amadzuka 4 koloko kukasaka mapasenjala. Tili ndi CFTC, tili ndi mawailesi a m'madera omwe amalankhula Chitonga ndi Chitumbuka, tili ndi mabungwe a eni minibasi ndi mataxi. Uthengawu ukanayenera kudutsa kumeneko. Ndipo funso lomwe CFTC ikuyenera kutiyankhira poyera ndi ili: galimoto yolowa ngati yakale ikapezeka ndi recall, ndani akuyenera kuikonza kuno, ndipo ndani alipire?

Podikira akuluakuluwo, pali chomwe mungachite ndi bandulo ya tsiku limodzi. Toyota, Honda, Nissan ndi makampani ena a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pomwe mumalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati galimotoyo ili ndi recall yomwe sinakonzedwe. Nambalayo ili pa blue book, komanso pa kachitsulo kapena kapepala komata mkati mwa boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Masambawo ndi a Chijapani, koma Google imamasulira mokwanira kuti mumve. Ngati mukufuna kuitanitsa galimoto, muuzeni ejenti akutumizireni nambalayo musanalipire. Ndipo chenjezo la kutentha likayaka pachitunda, imani pamalo abwino, ikani pa P, dikirani. Musamakakamize.

Ife tinafika ku Mzuzu mochedwa, azakhali n'kupeza mzere utatalika kale. Madzulo ake ndinatenga blue book ya msuweni wanga n'kulemba nambala ija pafoni. Panatuluka recall imodzi yosakonzedwa. Lolemba tinaimbira kampani ina ku Lilongwe yomwe imagulitsa galimoto za mtundu umenewu. Mayi yemwe anayankha anali waulemu, anatenga nambala ya chasisi n'kunena kuti afunsa kaye akuluakulu chifukwa galimotoyo sinagulidwe kwa iwo. Lero ndi Lachinayi. Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango pa Kande, ndipo msuweni wanga wayamba kale kufunsa mtengo wa giyabokosi ija.