Musalipire mmisiri kompyuta isanazimitsidwe

Amalonda anzanga, sabata ino tisiye kaye mitengo ya matemba ndi mpunga, tikambe za anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa Jali, pa Govala mpaka kudoko la Kachulu. Katundu wawo sakhala m'dengu kapena pabenchi. Amakhala mu hard disk. Ikafa, mpamba umene munthu wautolera zaka zambiri umatha tsiku limodzi, asodzi obwera ndi mamemori khadi awo n'kulowera kwa mnzake.

N'chifukwa chake ena ayamba kuika ma hard disk awiri m'kompyuta imodzi, kuti chilichonse cholembedwa pa ina chizilembedwanso pa inzake. Njirayi amaitcha RAID 1, ndipo sifuna chipangizo chapadera. Pa Windows pali Storage Spaces, pa Linux pali mdadm. Ine ndimagwirizana nayo. Chimene sindigwirizana nacho ndi mmisiri amene amatchera zinthu, kuonetsa kuti zikuyenda, kulandira ndalama, n'kukwera kabaza kubwerera ku Zomba kompyuta isanazimitsidwe ngakhale kamodzi.

Vuto lili apa. Hard disk wamba ikapeza malo oonongeka imakakamira kuwerenga pomwepo, nthawi zina kupitirira mphindi imodzi. Linux imadikira masekondi 30 basi. Ikaona zii, imatha kuiyesa yakufa n'kuichotsa pagulu, chikhalirecho ndi yabwinobwino. Inu mukupitiriza kubena nyimbo osadziwa kuti mwatsala ndi disk imodzi. Mmisiri wodziwa ntchito amagwiritsa pulogalamu ya smartctl kuiuza disk kuti izigonja pakatha masekondi 7, kuti kompyuta itenge kachidutswako pa inzake. Disk ikakhala yosamva lamulo limeneli, amauza kompyuta kuti izidikira masekondi 180.

Koma ma disk ambiri amaiwala masekondi 7 aja akangosowa magetsi, ndipo masekondi 180 aja amabwerera pa 30 kompyuta ikayakanso. Zili ngati sikelo yogulira mpunga: mukaitchera lero, mawa m'mawa muyenera kuionanso. Kusiyana kwake n'koti kompyuta ikhoza kudzitchera yokha, malinga mmisiri alembe malamulowo m'fayilo imene imawerengedwa nthawi iliyonse poyaka. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa, koma ndi imene ena amaidumpha.

Ku London mwina kompyuta imatha miyezi osazima. Kuno ayi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ngakhale amene ali pa sola kapena jenereta amazimitsa usiku uliwonse. Ndiye chotchera chimene chimafufutika pozimitsa, kunoko chimakhala tsiku limodzi lokha.

Choncho mmisiri akati wamaliza, musatulutse chikwama. Muuzeni azimitse kompyuta, azule nthambo pakhoma, adikire pang'ono, ayatsenso. Kenako akuonetseni ndi maso anu kuti ma disk onse awiri alipo ndipo masekondi aja sanasinthe. Ambiri mwa inu muli pa Windows, ndikudziwa. Inunso akuphunzitseni pamene mungayang'ane nokha ngati ma disk onse ali bwino, ndipo muziyang'anapo Lolemba lililonse. Akanyinyirika kuti mukumukayikira, mufunseni ngati iye amagula thumba la mlamba wouma osalimasula.

Ena adzati zonsezi n'zodula, kuli bwino disk yachiwiriyo ikhale yapadera, kumakoperamo pamanja. Amenewa sakulakwa kwenikweni. RAID imateteza pokhapokha disk imodzi ikafa. Vairasi yobwera ndi fulashi ya kasitomala imalowa monsemo. Fayilo yofufutidwa molakwitsa imachoka monsemo. Mphezi ya m'dzinja, kapena wakuba wothyola chitseko, sasankha disk. Ngati ndalama zikukwana ma disk awiri okha, ine ndingakonde yachiwiriyo izigona kunyumba, osati m'shopu, n'kumabwera nayo kumapeto kwa sabata kudzakopera zatsopano.