Kodi wotchinga kumbuyo waliwiro angabweretse chikho?

Mu December 2025, timu ya Minnesota Wild idapereka osewera atatu komanso mwayi wodzasankha wosewera watsopano ku Vancouver Canucks kuti ipeze Quinn Hughes, wotchinga kumbuyo waliwiro. Mtengowu wautsa mkangano wakale mu NHL, ligi ya hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada.

Ena akuti katswiri wotere ndi ofunika chifukwa akalanda puck amathamanga nayo yekha kutsogolo adani asadakonzeke. Iwo amatchula Cale Makar, yemwe mu 2022 adathandiza Colorado Avalanche kutenga Stanley Cup, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana m'ndime yachipulula.

Otsutsa amakumbutsa za Erik Karlsson. Mu 2022/23 adapeza mapointi 101, koma timu yake ya San Jose Sharks idathera kunsi kwa ligi. Atasamukira ku Pittsburgh Penguins, nayonso idalephera kufika m'chipulula mu 2024 ndi 2025.

Kusiyana kwake n'kwakuti Makar akakwera kutsogolo, mnzake Devon Toews amatseka mpata kumbuyo. Mutu umodzi susenza denga. Minnesota, yomwe siidatengepo chikhochi chiyambireni mu 2000, idzapindula pokhapokha Hughes akhale ndi womutchingira wodalirika.